Louis Vuitton Cup: mafunso ndi mayankho pa matimu ndi zotsatira za mpikisano wa maboti amatanga

Pa zikho zonse zomwe maiko amalimbirana mpaka lero, chakale kwambiri ndi America's Cup, cha maboti oyenda ndi mphepo. Koma timu singodzuka m'mawa n'kupita kukaputa mwini chikhoyo. Pali chipata choti idutse kaye, ndipo nthawi zambiri zokoma zenizeni zimachitikira pachipata pomwepo.

Kodi Louis Vuitton Cup n'chiyani kwenikweni?

Ndi mpikisano wachipulula. Pa America's Cup pamakumana maboti awiri okha: la kalabu yomwe ikusunga chikho, ndi la kalabu ya dziko lina yomwe yabwera kudzachilanda. Kalabu yosunga chikho malo ake amakhala osungika kale. Ochalenja ndiwo amachuluka, ndiye amayenera kupululana okhaokha kwa masabata kapena miyezi mpaka patatsala timu imodzi. Yotsalayo imanyamula Louis Vuitton Cup, n'kupuma masiku owerengeka, kenako n'kukakumana ndi mwini chikho chachikulu.

Mwambo wopululanawu unayamba liti, ndipo dzina la kampani ya zikwama linalowamo bwanji?

Nkhani imayambira mu 1851, pomwe boti la ku New York lotchedwa America linasiya m'mbuyo maboti a Angerezi pa mjaha wozungulira chilumba cha Isle of Wight. Dzina la chikho linachokera pa botilo. New York Yacht Club inachisunga zaka 132 osachitayako, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chosavuta kuchimvetsa. Aamerika ankapikisanitsa maboti awo angapo kwa miyezi asanasankhe loti liwaimirire, pomwe mlendo ankabwera yekha, asanayesane mphamvu ndi wina aliyense. Ankafika pabwalo ndi mpeni wosanola.

Mu 1970 kunabwera ochalenja awiri nthawi imodzi: boti la Baron Marcel Bich wa ku France, mwini wa bolopeni za Bic zija, ndi Gretel II la ku Australia. Anapikisana, Gretel II n'kupambana, ndipo chipulula chinabadwa choncho. Chinalibe chikho chakechake mpaka mu 1983, pomwe Bruno Troublé, yemwe anagwirapo chiwongolero cha boti la France, anakopa kampani ya ku Paris yopanga masutikesi ndi zikwama zodula kuti iikepo ndalama ndi dzina lake.

Mjaha umodzi umayenda bwanji?

Maboti amakhala awiri, ndipo injini saigwiritsa ntchito. Kutatsala mphindi zochepa kuti ayambe, amalowa m'dera loyambira n'kumazembana, aliyense kufuna kumtsekereza mnzake kuti achedwe kudutsa mzere kapena alakwe. Mijaha yambiri imathera pomwepa isanayambe n'komwe.

Boti lathanga silingalunjike komwe mphepo ikuchokera, ndiye limakwera mokhotakhota, likazungulira boya wakumtunda n'kutsika ndi mphepo. Lomwe lili patsogolo limayesetsa kukhala pakati pa mphepo ndi mnzake kuti wam'mbuyoyo azilandira mphepo yosokonekera. Akakumana, lomwe mphepo ikulifikira kuchokera kudzanja lamanja ndilo mwini njira, linalo lipatuke. Wolakwa amalangidwa pamadzi pomwepo: kale ankazungulira pamalo amodzi, masiku ano amachepetsa liwiro mpaka atatsalira ndi mamita omwe malamulo anena.

Poyamba timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse, zolephera n'kumatuluka. Kenako pamabwera semifainolo ndi fainolo, komwe wopambana ndi yemwe wayamba kukwanitsa nambala yoikika ya mijaha. Nambalayo yakhala ikusintha: 4, kenako 5, ndipo mu 2013, 2021 ndi 2024 inali 7.

Anayamba kupambana ndani?

Australia II, ku Newport m'chigawo cha Rhode Island, mu 1983. Ochalenja analipo 7: atatu a ku Australia, ndi mmodzimmodzi wa ku Britain, Italy, Canada ndi France. Australia II, boti la Alan Bond, linali ndi chinsinsi pansi pake. Ben Lexcen, yemwe analijambula, anaika mapiko kunsi kwa chipsepse cholemera chomwe chimaletsa boti kugudubuka, ndipo akalivuula m'madzi ankaliphimba ndi nsalu kuti wina asaone. Aamerika anayesetsa kuti liletsedwe, koma sizinatheke.

Mu fainolo Australia II inagonjetsa Victory '83 ya ku Britain 4-1. Itakumana ndi boti la osunga chikho, Liberty ya Dennis Conner, inatsalira 3-1, koma woyendetsa wake John Bertrand ndi anyamata ake anapambana mijaha itatu yotsatizana. Pa 26 Seputembala 1983 chikho chinachoka ku New York koyamba. Chaka choyamba chenichenicho chipulula chinaonetsa ntchito yake.

Nanga 1987, yomwe ambiri amati inali yokoma koposa?

Ku Fremantle, kumadzulo kwa Australia, kunasonkhana ochalenja 13, nambala yomwe sinafikidwenso. Kumeneko masana kumabwera mphepo yamphamvu yochokera kunyanja yomwe eni dera amaitcha Fremantle Doctor, ndipo owonera pa kanema anaona maboti akumenyana ndi mafunde oyera. New York Yacht Club inabwera kudzatenga chikho chake, koma boti lake la America II silinafike ndi mu semifainolo momwe.

Odabwitsa anali alendo atsopano, New Zealand. Anzawo onse anapanga maboti ndi aluminiyamu, iwo anapanga lawo ndi faibala, ndipo KZ 7 yoyendetsedwa ndi Chris Dickson inapambana mijaha 37 pa 38 isanafike mu fainolo. Kumeneko inakumana ndi Dennis Conner, yemwe anali atakonzera boti lake la Stars & Stripes 87 mphepo yamphamvu ya mu Januwale. Conner anapambana 4-1, kenako n'kukwapula Kookaburra III ya eni mudzi 4-0. Munthu yemwe anataya chikho mu 1983 ndiye anachibweza ku America, koma ulendo uno ku San Diego.

N'chifukwa chiyani palibe zotsatira za 1988 ndi 2010?

Chifukwa chipulula sichinachitike. Chikalata chakale chomwe chimalamulira chikhochi, Deed of Gift, chimati mbali ziwiri zikalephera kumvana pa malamulo, zikumane ziwiri zokha potsatira zomwe chikalatacho chikunena. Mu 1988 New Zealand inabwera ndi chiboti chachikulu, Conner n'kuyankha ndi boti la matupi awiri lomwe linali laliwiro kutali. Mu 2010 BMW Oracle ya Larry Ellison wa ku America inagonjetsa Alinghi ya ku Switzerland 2-0 ku Valencia. Maulendo onse awiriwa maloya m'makhoti a ku New York anagwira ntchito yambiri kuposa amalinyero.

Chinachitika n'chiyani ku San Diego mu 1992 ndi 1995?

Mu 1992 kunabwera mtundu watsopano wa maboti, aataliko ndiponso opepuka. New Zealand inkatsogola bwinobwino mu fainolo, koma Il Moro di Venezia ya Raul Gardini wa ku Italy, yoyendetsedwa ndi Paul Cayard, inadandaula za momwe anzawo ankagwiritsira ntchito mtengo wotulukira kutsogolo kwa boti. Oweruza anafafaniza mjaha umodzi womwe New Zealand inapambana, mtima unawachoka, ndipo Italy inapambana 5-3. Pa chikho chachikulu inagonja 4-1 kwa America³ ya Bill Koch.

Za 1995 anthu amakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, pa 5 Malichi boti la oneAustralia linathyoka pakati mjaha uli mkati, n'kumira pasanathe mphindi ziwiri makamera akujambula. Onse anapulumuka, ndipo timuyo inapitiriza ndi boti lake lakale mpaka kufika mu fainolo. Chachiwiri ndi Black Magic, boti lakuda la Team New Zealand ya Peter Blake, Russell Coutts ali pachiwongolero. Linagonjetsa oneAustralia 5-1, kenako Conner 5-0. Blake ankavala masokosi ofiira amwayi, ndipo kwawo anthu anagula masokosi otero ambirimbiri kuti timu ipeze ndalama.

Ndi fainolo iti yomwe inali yothina kwambiri?

Ya 2000 ku Auckland, komwe kunali ochalenja 11. Luna Rossa ya Patrizio Bertelli, mkulu wa kampani ya zovala ya Prada, inali kupikisana koyamba. Inatsogola 3-1, AmericaOne ya Paul Cayard n'kupambana itatu yotsatizana, ndiye zinali 4-3 Aitaliya atatsala pang'ono kulongedza katundu. Francesco de Angelis, woyendetsa Luna Rossa, anapambana iwiri yomaliza, 5-4. Ku Italy anthu ankachezera usiku pa kanema chifukwa cha kusiyana kwa nthawi. Atakumana ndi New Zealand sanapeze ngakhale mjaha umodzi: 5-0.

Dziko lopanda nyanja yamchere lingapikisane nawo?

Lingathe, ndipo lina linapambana. Deed of Gift imafuna kuti kalabu yochalenja izichititsa mpikisano wake wapachaka panyanja yamchere kapena pa nthambi yake, koma mawu amenewa akhala akutanthauziridwa momasuka. Chicago Yacht Club, ya pa nyanja ya Michigan, inaloledwa kupikisana mu 1987 ndi boti la Heart of America.

Mu 2003 Ernesto Bertarelli wa ku Switzerland anabwera ndi Alinghi m'dzina la kalabu ya ku Geneva. Anali atalemba ntchito Russell Coutts, Brad Butterworth ndi anzawo ena omwe anatetezera New Zealand chikho mu 2000, zomwe zinawawa anthu a ku Auckland kwambiri. Pa ochalenja 9, Alinghi inagonjetsa Oracle BMW 5-1 mu fainolo, kenako New Zealand 5-0. Pa mjaha wina mlongoti wa eni mudzi unathyoka. Chikho chinabwerera ku Ulaya koyamba chichokereni mu 1851. Poti ku Geneva kulibe nyanja yamchere, anasankha Valencia ku Spain kuti mpikisano wotsatira ukachitikire kumeneko.

Kodi Africa inalowapo?

Kamodzi, mu 2007 ku Valencia. Timu ya Shosholoza ya ku South Africa inaimirira Royal Cape Yacht Club ya ku Cape Town, ndipo anaiyambitsa ndi Kaputeni Salvatore Sarno. Dzinalo analitenga ku nyimbo yakale ya amuna a m'migodi ya ku Joni. Ndalama zawo zinali zochepa poyerekeza ndi za akuluakulu, ndipo ambiri mwa anyamata awo, akuda ndi azungu omwe, anali asanakwerepo boti la mtundu umenewu asanalowe m'timuyi. Anathera pa nambala 7 mwa matimu 11, ndipo pa mjaha wina anagwetsa Luna Rossa. Kwa timu yongoyamba kumene, zimenezi sizochepa.

Chaka chimenecho kunabweranso China ndi Germany koyamba. Mu semifainolo Emirates Team New Zealand inatulutsa Desafío Español 5-2, Luna Rossa n'kutulutsa BMW Oracle 5-1, ngakhale Oracle ndiyo inali ndi thumba lalikulu. New Zealand inapambana fainolo 5-0, koma inagonja kwa Alinghi 5-2, mjaha womaliza ndi sekondi imodzi yokha.

Maboti anayamba liti kuuluka?

Mu 2013 ku San Francisco. Maboti a AC72 anali a matupi awiri, thanga lawo lalikulu linali lolimba ngati phiko la ndege, ndipo New Zealand ndiyo inayamba kuonetsa kuti mapiko a pansi pa madzi angathe kulinyamula boti lonse kuti lisakhudze madzi. Mtengo wake unathamangitsa matimu. Ochalenja anatsala atatu okha. Pa 9 Meyi boti la Artemis Racing ya ku Sweden linagudubuka pokonzekera, ndipo Andrew Simpson wa ku Britain, yemwe anali ndi mendulo yagolide ya Olimpiki, anafera pomwepo. Artemis inachedwa kubwerera pamadzi, moti mijaha ina ya ndime yoyamba boti linkathamanga lokha popanda mnzake. Kunena zoona, chimenecho chinali chipulula chosakoma kuposa zonse. New Zealand inagonjetsa Luna Rossa 7-1. Chomwe chinatsatira ndicho chosaiwalika: inatsogola 8-1 pa chikho chachikulu, Oracle Team USA ya Jimmy Spithill n'kupambana mijaha 8 yotsatizana, 9-8.

Ku Bermuda mu 2017 ochalenja anali asanu: New Zealand, Sweden, Britain, Japan ndi France. Matimu ena ankapukusa zogwirira ndi manja kuti apeze mphamvu yoyendetsera thanga ndi mapiko. New Zealand inaika zopalasa ngati za njinga, poti miyendo ili ndi mphamvu kuposa mikono. Boti lawo linagwa chamutu pa semifainolo ndi Land Rover BAR ya Ben Ainslie, analikonza, n'kupambanabe 5-2. Anagonjetsa Artemis 5-2 mu fainolo, kenako Oracle 7-1, Peter Burling ali pachiwongolero ndi zaka 26 zokha.

Bwanji ya 2021 imatchedwa Prada Cup?

Dzina limatsata wothandiza ndi ndalama, ndipo chaka chimenecho anali Prada. Mpikisano ndi womwewo. Unachitikira ku Auckland m'nthawi ya mliri wa Covid-19, ndi ochalenja atatu, pa maboti atsopano a AC75: thupi limodzi la mamita oposa 20, lopanda chipsepse cholemera chija, lokhala ndi mikono iwiri ya mapiko m'mbali. Pa 17 Januwale boti la American Magic linagudubuka likutsogola, n'kubooka, ndipo matimu onse anathamangira kukathandiza kuti lisamire. Linakonzedwa, koma Luna Rossa inalitulutsa 4-0. INEOS Team UK inali itapambana mijaha yake yonse ya ndime yoyamba, koma mu fainolo Aitaliya anaigonjetsa 7-1, ali ndi oyendetsa awiri, Spithill mbali ina, Francesco Bruni mbali inayo. Njira imeneyi matimu onse anaitengera pambuyo pake. Pa chikho chachikulu Luna Rossa inalimba mpaka 3-3, n'kugonja 7-3.

Matimu ndi zotsatira za 2024 zinali zotani?

Dzina la Louis Vuitton linabwerera ku Barcelona, ndipo ochalenja anali asanu: INEOS Britannia ya ku Britain, Luna Rossa Prada Pirelli ya ku Italy, American Magic ya New York Yacht Club, Alinghi Red Bull Racing ya ku Switzerland, ndi Orient Express Racing Team ya ku France. Boti lililonse linkanyamula anthu 8: oyendetsa awiri, osamala matanga ndi mapiko awiri, ndi opalasa anayi. Mphepo ikakhala yabwino ankadutsa makilomita 90 pa ola.

France, yomwe inalowa mochedwa, ndiyo inayamba kutuluka. Britain ndi Italy zinafanana mapointi pamwamba, zinathamanga mjaha wolekanitsa, Britain n'kupambana, ndipo inapeza ufulu wosankha yokumana nayo mu semifainolo. Inasankha Alinghi, n'kuigonjetsa 5-2. Luna Rossa inatulutsa American Magic 5-3.

Fainolo inali ya wina akamenya winanso abweza. Anafika pa 4-4 popanda woti n'kumuloza kuti uyu ndiye. Kenako Ben Ainslie ndi Dylan Fletcher anapambana itatu yotsatizana, ndipo pa 4 Okutobala zinatha 7-4. Aka kanali koyamba kuti boti la Britain lifike pa America's Cup chichokereni mu 1964. Chimwemwecho chinakhala masabata awiri: pa 19 Okutobala New Zealand inamaliza ntchito 7-2, n'kutenga chikho kachitatu motsatizana.

Ndi dziko liti lomwe lapambana chipulula kambiri?

New Zealand, kanayi: 1995, 2007, 2013 ndi 2017, kuphatikizapo mafainolo awiri omwe inagonja, mu 1987 ndi 1992. Italy ikutsatira ndi katatu, 1992, 2000 ndi 2021, koma chikho chachikulu sinachigwirepo. Luna Rossa yokha yafika mu fainolo kasanu. Australia, America, Switzerland ndi Britain zapambana kamodzikamodzi.

Wopambana chipulula amakatenganso chikho chachikulu?

Kuyambira mu 1983 chipulula chachitika maulendo 11, ndipo pa maulendo 5 wopambanayo anakalanda chikho: 1983, 1987, 1995, 2003 ndi 2017. Tikakumbukira kuti kwa zaka 132 m'mbuyomo panalibe mlendo ngakhale mmodzi yemwe anatha kutero, kusinthaku n'kwakukulu. Timu yomwe yathamanga mijaha makumi angapo ndi anzake olusa imafika itadziwa pomwe boti lake limafooka, itasintha matanga, ndipo anthu ake atazolowera kuganiza mtima uli phaphapha.

Osunga chikho anazindikira zimenezi, ndipo anayamba kudzilembera malo m'malamulo. Mu 2017 Oracle inathamanga nawo ndime yoyamba, n'kupita pa chikho chachikulu ili ndi pointi yabasera. Mu 2024 New Zealand inathamanga nawonso, ngakhale mijaha yake sinkawerengedwa pa mapointi a ochalenja. Okonza amati zimakometsa mpikisano kwa owonera, ndipo n'zoona. Koma kumulola mdani kuti ayeze boti lake ndi anu onse mwezi wathunthu musanakumane n'kumupatsa mwala womwe inuyo mumanolera mpeni.

Bwanji matimu akucheperachepera?

Ndalama. Pokonzekera 2021, Jim Ratcliffe wa kampani ya INEOS anaika mapaundi 110 miliyoni pa timu imodzi. Timu yamakono imakhala ndi anthu oposa 100, ndipo okwera boti ndi ochepa chabe. Ambiri ndi mainjiniya, ojambula mapulani ndi akatswiri a kompyuta. INEOS inkagwira ntchito ndi timu ya Mercedes ya mpikisano wa magalimoto wa Formula One, Alinghi ndi ya Red Bull. Kuchoka pa matimu 13 mu 1987 ndi 11 mu 2007 kufika pa atatu kapena asanu, n'zoonekeratu kuti timu yonga Shosholoza ikanavutika kupeza polowera lero.

Wopambana amalandira ndalama zingati?

Kuyambira kale chikhochi sichidziwika ndi mphoto ya ndalama. Wopambana chipulula amalandira chikho chake ndi mwayi wokamenya nkhondo yaikulu. Kwa zaka zambiri wopambana nkhondoyo ndiye ankatenga mphamvu: ankasankha malo ndi nthawi ya mpikisano wotsatira, ndipo pamodzi ndi kalabu yoyamba kumuchalenja ankalemba malamulo ndi kusankha mtundu wa boti.

Akazi amapikisana nawo?

Mu 1995 timu ya America³, yomwe inayamba ndi akazi okhaokha, inalimbirana mwayi woteteza chikho ku San Diego. Mpikisano wawowawo unayamba mu 2024 ku Barcelona pa maboti ang'onoang'ono a AC40, ndipo Luna Rossa inagonjetsa timu ya Britain mu fainolo.

Wotsatira udzachitikira kuti?

Ku Naples, mu 2027. Kadzakhala koyamba kuti Italy ilandire America's Cup, koma wosunga chikho ndi New Zealand, yomwe yasankhanso kukachitetezera kunja monga inachitira ku Barcelona. Luna Rossa idzakhala pamadzi akwawo, pamaso pa anthu ake, koma idzayenera kuyambira mu chipulula ngati mlendo wina aliyense.